Kamuvi Konjenjemera

Tsiku limene bwana anaika kathabwa kaja patebulo langa ndinathokoza mpaka iwo anachita manyazi. Ndinkati ndapatsidwa mankhwala. Ndikanadziwa zimene kadzandionetse, bwenzi nditakabwezera m'katoni mwake tsiku lomwelo n'kumata ndi selotepi.

Ndimagwira ntchito mu situdiyo ya zithunzi, koma kamera sindiigwira. Malo anga anali kachipinda ka kumbuyo, kopanda zenera, pakati pa makina osindikizira ndi shelefu ya mafelemu. M'menemo ndinkakonza zithunzi pakompyuta. Mkwatibwi akatuluka ziphuphu pa tsiku la ukwati, wozichotsa ndinali ine. Banja likatha, mayi ankabwera ndi chithunzi n'kunena kuti ndichotsepo bambowo, ndipo ndinkawachotsa bwinobwino, ndi dzanja lawo lomwe linali paphewa, moti ana ankatsala ngati anachita kutoledwa panjira. Koma ntchito imene ndinkaikonda, imenenso inkachititsa anthu kudutsa masitudiyo ena onse kudzafuna ine, inali ya zithunzi zakale, zong'ambika, zonyowa, zodyedwa ndi mphemvu. Munthu ankabwera ndi nkhope ya malemu yopanda diso limodzi, ine n'kubwezerapo disolo. Ntchito imeneyi imafuna dzanja losagwedera, ndipo ine ndinali nalo. Mwina ndikudzitama, koma palibe kanthu tsopano.

Zaka zonsezo ndinkagwira ntchito ndi mausi, kakhoswe kaja koyendetsera kamuvi pasikirini ya kompyuta. Inandilowa m'magazi moti ngakhale m'basi chala changa chinkadina pabondo. Kenako dzanja linayamba kudandaula. Ululu unayambira pamfundo, pamene timavala wotchi, n'kukwera mpaka pachigongono, kenako paphewa. M'mawa zala zinkadzuka zitachita dzanzi ngati ndazigonera. Dokotala anapindapinda dzanjalo n'kunena kuti mitsempha yatopa, ndisiye mausi ngati ndikufuna kudzamangabe ndekha mabatani ndikadzakalamba.

"Ndikasiya mausi ndidzadya chiyani?" ndinamufunsa.

Anangondiyang'ana, n'kuitana wodwala wina.

Kuntchito ndinafotokozera a Inki, bambo amene amayendetsa makina osindikizira. Dzinali tinawapatsa chifukwa zala zawo sizinayerepo chiwadziwireni. Iwo ananyamula mausi yanga pogwira chingwe chake n'kuilendewetsa m'mwamba.

"Achemwali, apa ndiye khoswe wakhala pamkhate," anatero. "Mukamupha, mkhate usweka. Mukamusiya, akuthani dzanja."

Ndinaseka, koma nkhaniyi sinali yoseketsa, chifukwa dzanja limeneli silinali langa ndekha. Kunyumba ndimakhala ndi bambo anga. Iwo anali ometa, ometa enieni, oti anthu ankalolera kudikira pabenchi mpando wa mnzawo uli wopanda munthu. Manja awo anayamba kunjenjemera ine ndili mtsikana. Anabisa kwa nthawi ndithu, mpaka tsiku lina anacheka munthu khutu. Silinali bala lalikulu, koma madzulo ake anakulunga malumo awo m'kansalu ndipo kuntchito sanabwererenso. Masiku ano tiyi timawathirira theka la kapu, ndipo amainyamula ndi manja awiri ikulira pasosa. Mayi anamwalira. Mlongo wanga ali kutali, ndipo thandizo lake ndi kuimba foni n'kundiuza kuti ndilimbe mtima. Ndiye m'nyumba muja dzanja lokhazikika linali limodzi lokha, langali. Ndilo linkawamangira mabatani, kuwawenga zikhadabo, kuwadonthezera mankhwala m'maso. Ndipo Loweruka lililonse m'mawa linkawameta ndevu.

Kumetako kunali ndi malamulo ake. Makina amagetsi sankawafuna, ankati amenewo ndi otchetchera udzu. Ankafuna lumo lawo lakale lopinda, lonoledwa pa lamba wachikopa amene anapachikidwa kuseri kwa chitseko. Anandiphunzitsa okha kukoka khungu ndi chala chachikulu, kugoneka lumo, kutsata kumene ndevu zaloza. Ankakhala pampando wa pafupi ndi zenera, thaulo pachifuwa, mutu chagada, maso ali tsinzi, n'kumandilembetsa mayeso.

"Pansi pa chibwano wasiya munda wosalima," ankatero. "Ukanakhala wantchito wanga, bwenzi lero utabwerera kwanu."

"Kwathu ndi kuno, Ababa."

"N'chifukwa chake ukuchita matama."

Chaka chathachi mayesowo anatha. Ankangokhala phee, ndipo ndikafika pakhosi ankasiya ndi kupuma komwe mpaka nditamaliza. Ine ndinkati ndakhoza tsopano, aphunzitsi asowa cholakwika.

Bwana wathu ndi munthu wa mawu ochepa. Atamva za dokotala, patapita masiku anabwera ndi katoni. M'kati munali kathabwa kakuda, kosalala, kukula kwake ngati buku la kusukulu, kopanda galasi, kosaonetsa chithunzi chilichonse. Pambali pake panali cholembera chopanda inki.

"Mukalemba apa, zizituluka apo," anatero akuloza pasikirini. "Akuti dzanja limakhala ngati mukulemba papepala, silipindika. Yesani, Mayi. Mpando uwu sindikufuna kuikapo munthu wina."

Masiku oyamba ndinatukwana mumtima kuposa mmene ndinatukwanira moyo wanga wonse. Mausi ili ndi ulemu wake. Ukafika kumapeto kwa tebulo umainyamula n'kuibweza pakati, ndipo kamuvi ka pasikirini kamakudikira pomwe unakasiya. Kathabwa sikadikira munthu. Ngodya yake iliyonse ndi ngodya ya sikirini, ndiye ukanyamula cholembera n'kuchibweza pakati, kamuvi nakonso kamalumphira pakati. Dzanja langa linali litazolowera kupalasa ngati nkhuku, kunyamula n'kubweza, kunyamula n'kubweza, kamuvi n'kumangothawira uku ndi uku. Tsiku lina ndinakhwatcha mkwati wina mzere kuchokera pamphuno mpaka pansapato. A Inki anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti ukwati umenewo wayamba ndi chikwapu. Panalinso zakuti maso ayang'ane kutsogolo pamene dzanja likulemba pansi, ngati mwana amene akubera mayeso. Koma lamulo lalikulu linali ili: kuti kamuvi kayende kosalemba kanthu, nsonga ya cholembera iyenera kuyandama pamwamba pa kathabwa, pafupi zedi koma yosakhudza. Ukakhudza, walemba. Ukakanikiza, mzere wanenepa.

"Sungani khosi, Mayi," bwana ankatero akamadutsa. "Mkanda woyera mudzavala."

Ndinasungadi, ndipo zinayamba kutheka. Dzanja linasiya kupalasa, linaphunzira kupita molunjika pamene maso afuna. Ululu unatsika kuchoka paphewa kufika pachigongono, kenako unatsala kamphepo chabe pamfundo. Tsiku lina ndinadzuka zala zili zanga zonse. Mausi ndinaiponya mudirowa, a Inki atavula chipewa n'kuilankhulira mawu otsiriza, kuti inali yolimbikira ntchito koma yankhanza. Ndipo cholembera chija chinkachita zimene mausi sinkatha. Tsitsi ndinkalijambula limodzilimodzi, lonenepa kutsinde, lowonda kunsonga. Ndinkaweruka ndikuyenda ngati mtsikana. Nditawauza bambo kuti dzanja lachira, anati, "Ndiye kuti dokotala ujadi kusukulu anapita." Anamwetulira.

Vuto lina ndinaliona koyamba m'mawa wina, ndikuganiza poyambira pa chithunzi cha kamwana. Cholembera chinali chikuyandama, kamuvi kali patsaya la kamwanako. Koma sikanali kuima. Kankanjenjemera, pang'ono zedi, ngati kachilombo kogwera m'madzi. Ndinati mwina ndi makina osindikizira akugwedeza tebulo, koma nditacheuka anali ozimitsa. Ndinazula chingwe n'kuchilowetsa pena. Ndinapukuta kathabwa ndi mpango. Ndinasintha nsonga ya cholembera, poti m'katoni munali zina zapadera. Tiyi wam'mawa ndinamusiya. Kamuvi sikanasinthe maganizo. Pamapeto pake ndinaitana a Inki.

"Chinthu chija chayamba misala," ndinatero. "Taonani mmene kakuchitira kamuvika."

Anaweramira pasikirini. "Tabwera nachoni kuno. Mwina chikuopa inu, paja mumachikalipira."

Anagwira cholembera ndi zala zawo zakudazo, kagwiridwe ka sipanala, n'kuchiyandamitsa pamwamba pa kathabwa. Kamuvi kanaima nji, ngati kakhomedwa ndi msomali. Anandibwezera cholembera. Kanayambanso kunjenjemera. Anachitenganso, kanaima nji. Anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma nthabwalayo sinabwere. Anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana kukhoma, kenako anati makina akufunika mapepala, natuluka. A Inki bambo anga amawadziwa. Anabwera kunyumba pa maliro a mayi, ndipo kapu ija anaimva ikulira pasosa.

Ndinatsala ndikuyang'ana dzanja langa. Ndi maso okha silinkaoneka kuti likugwedera. Pa mausi dzanja limagona, chikhatho chonse chimatsamira, ndipo kulemera kwake kumameza tonse ting'onoting'ono. Kodi mausi ija inandibisira kwa nthawi yaitali bwanji? Ndinkaida chifukwa cha ululu, osadziwa kuti inkandisungira chinsinsi. Cholembera sichisungira munthu chinsinsi. Chimene dzanja lachita m'mwamba muja chimachikuza n'kuchiika pasikirini kuti aliyense aone. Ndinapita kuchimbudzi n'kukadzitsekera, ndipo ndinatuluka nditamva kasitomala akugogoda.

Dokotala ulendo uno sanafulumire kuitana wodwala wina. Anandiuza kuti nditambasule manja, n'kuika pepala pamwamba pake. Pepalalo linavina. Anandipatsa cholembera kuti ndijambule mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo unatuluka ndi mano.

"Alipo wina kwanu amene amachita zimenezi?"

"Bambo anga."

Anagwedeza mutu. Anati si mausi, si kathabwa, ndi za m'magazi. Anati matendawa sathamanga, amayenda pang'onopang'ono, koma sabwerera m'mbuyo. Anandilembera mapilitsi oti mwina achepetsako. Mapilitsiwo anandichititsa chizungulire moti ndinatsala pang'ono kugwa pokwera basi, kamuvi n'kumanjenjemerabe. Amati make mbuu, mwana mbuu. Kwa ine anali bambo.

Ndiye ndinachita zimene anachita bambowo, ndinayamba kubisa. Ndinkakanikiza m'mphepete mwa chikhatho pa kathabwa. Ndinkagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, ngati ndikuletsa mwana kutola chinthu m'sitolo. Ndinkagwira mpweya ndikamalemba mzere. M'pulogalamu yathu muli poti ukatsegula, kompyuta imawongola yokha mzere wako, ndipo ndinapatsegula mpaka kumapeto. Mizere inawongokadi, koma sinali yanga. Inkatuluka yosalala ngati waya, tsitsi la anthu n'kumaoneka la chidole. A Inki sanauze munthu. Anangoyamba kundibweretsera ntchito zosavuta, tizithunzi ta paziphaso, zovutazo n'kumazikankhira pansi pa mulu. Nthabwala zawo zinachepa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunyozedwa. Munthu akasiya kukuseka ndiye kuti wayamba kukumvera chisoni.

Kunyumba sindinanene kanthu. Loweruka likafika ndinkanola lumo monga mwa masiku onse. Ndinkadziwa kuti si bwino kuika lumo pakhosi pa munthu ndi dzanja lotere, ndinkadziwa ndithu. Koma kusiya kukanakhala kuwauza, ndipo kuwauza kukanakhala kunena kuti m'nyumba muno simunatsale dzanja. Ndinkatsamiritsa chala chaching'ono pansagwada yawo n'kumameta pang'onopang'ono, thukuta likutsika kumsana. Iwo ankangokhala phee.

Kenako kunabwera mayi wina wogulitsa nsalu, wa msinkhu wanga. Anakana kusiya chithunzi chake pakauntala, anati akufuna aonane ndi wokonzayo, poti anamva mbiri yanga kwa mnzake. Anachitulutsa m'kachikwama atachikulunga m'kampango. Chinali cha mayi wachikulire atakhala pampando, mutu utapendekera kumbali, maso ali tsinzinitsinzini ndi chimwemwe. Denga la kwawo linadontha, madzi analowa m'felemu, ndipo anadya theka la pakamwa. Mlomo wam'munsi ndi ngodya ya kumanzere kunalibe, kunangotsala banga lotuwa.

"Ndi mayi anga," anatero. "Chithunzi chimene akuseka n'chokhachi. Anadwala nthawi yaitali, ndiye ana anga amangowakumbuka ali gone pabedi. Ndikufuna aone kuti agogo awo ankaseka. Ankaseka mpaka aneba kudzasuzumira."

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kunena kuti chithunzichi chaonongeka kwambiri, palibe akanatsutsa. Koma mayiyo anandiyang'ana mmene anthu ankandiyang'anira kale, ndipo ine ndinali ndi njala ya kuyang'anidwa motero. Ndinati, "Musadandaule, aseka."

Banga la patsaya ndinalichotsa mosavuta. Khungu ndinabwereka mbali inayo, mano ndinawabwezera. Chinatsala ndi mlomo. Mlomo woseka ndi mzere umodzi, woyambira pakati uli wonenepa, n'kumawonda pokwera, mpaka kukathera m'kakhwinya ka pangodya. Umafuna kulembedwa kamodzi, dzanja lili lomasuka, ngati kusaina dzina. Kale ndinkaulemba ndikucheza ndi a Inki.

Ndi chowongolera chija, gogoyo ankamwetulira ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Ndikachitseka, mzere unkatuluka ndi mano. Ndinafufuta n'kuyambiranso, kufufuta n'kuyambiranso. Ndinayesa kuulemba m'tizidutswa n'kumalumikiza, koma unkaoneka kuti ndi wosoka. Ndinatsegula dirowa n'kutulutsa mausi ija, ngati munthu wobwerera kwa mwamuna amene anamuthawa. Dzuwa lisanapendeke moto unali utabwerera pamfundo mpaka paphewa. Ndipo tsopano, poti maso anali atadziwa chofuna kuona, ndinakuona kunjenjemerako ngakhale pa mausi, nthawi iliyonse chala chikadzuka kuti chidine. Ndinaibwezera mudirowa. Kumbuyo kunalibe kobwerera, kutsogolo kunalibe kolowera.

Munthu ukayang'anitsitsa nkhope imodzi kwa masiku, umasiya kuiona. Umangoona timadontho. Ndinasankha mzere umene unkaoneka wabwinoko pa yonse, ndinausalaza m'mbali, n'kudziuza kuti ukasindikizidwa papepala suoneka. A Inki anatulutsa chithunzicho m'makina, anachigwira nthawi yaitali, n'kundiyang'ana.

"Ndichiike m'felemu, Achemwali?"

"Ikani," ndinatero.

Mayi uja anabwera masana, bwana ali pakauntala. Ndinatuluka nacho ndekha. Anamasula pepala lokulungira akumwetulira kale, n'kuchiimika pagalasi la kauntala. Kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anachisendeza kutali, n'kuchibweretsanso pafupi.

"Ndi mayi anga ndithu," anatero motsitsa. "Maso ndi awo. Koma akufuna kulira."

"Mwina ndi kuwala kwa muno," bwana anatero.

"Ayi, bambo, si kuwala. Ndi mlomowu." Analoza pangodya paja osakhudza galasi. "Umu ndi mmene unkachitira kuchipatala, akamabisa ululu kuti ife tisaone. Ankayesa kuseka, mlomo n'kumanjenjemera chonchi. Mwazidziwa bwanji zimenezi?"

Ndinayang'ana chithunzicho ndi maso ake a mayiyo, ndipo ndinachiona. Gogoyo anali akulimbana ndi misozi.

Mayiyo sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndinabweretsa mayi akuseka, mwandibwezera odwala. Ichi ana anga sangachione. Ndipatseni changa chija, chong'ambikacho." Ndinakachitenga. Anachikulunga m'kampango kake, anatsanzika mwaulemu, felemu n'kuisiya pakauntala.

Bwana anandipeza kuchipinda cha kumbuyo. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita.

"Mayi, tagwirani cholembera."

Ndinachigwira, n'kuchiyandamitsa monga mwa lamulo lake. Sindinatsamire, sindinagwire mpweya, ndinali nditatopa. Kamuvi kanandiyankhira zonse. Bwana anakayang'ana kwa kanthawi, manja ali m'thumba.

"Kukauntala kukufunika munthu wodziwa kulankhula ndi anthu," anatero. "Zithunzi zakale tizizitumiza kwina. Musade nkhawa, ntchito ilipo."

Ndinathokozanso, ngati tsiku lija. Atatuluka ndinazula chingwe, ndinapukuta kathabwa, n'kukabwezera m'katoni pamodzi ndi cholembera chake. Sikanalakwe kanthu. Ululu kanauchotsadi monga analonjezera. Tsiku lotsatira ndinaima pakauntala, ndipo munthu wachiwiri kulowa anali bambo wina atanyamula envulopu yakale. Anafunsa ngati mayi aja okonza zithunzi za malemu alipo. Ndinamuuza kuti anasiya.

Loweruka linafika osandifunsa. Bambo anali atakhala kale pampando wa pazenera, thaulo ali nalo pamiyendo, akundidikira kuti ndiwafunditse. Ndinanola lumo palamba. Ndinapaka thovu. Tsaya la kumanja ndinalimeta bwino, chala chaching'ono chili pansagwada. Kenako anakweza chibwano, khosi lonse n'kulipereka kwa ine, mtsempha ukugunda pansi pa thovu. Ndinabweretsa lumo pafupi. Linayandama pamenepo, pafupi zedi koma losakhudza, ndipo nsonga yake inkachita ndendende zimene kankachita kamuvi. Ulendo uno sipanafunike sikirini kuti ndione.

"Wayima bwanji?" anafunsa, maso ali chitsinzinire. "Tsamira pafupa, monga umachitira."

"Ababa, ndili ndi mawu."

"Ndikuwadziwa."

"Simukuwadziwa."

"Mwanawe, ine ndameta anthu iwe usanabadwe. Khosi la wometa silinamizika." Anatsegula maso n'kuyang'ana kudenga. "Dzanja lako linayamba chaka chatha, nthawi yozizira ija. Lumo linkayenda ngati likuwerenga ndevu imodziimodzi. Ndinati mwina ndi kuzizira. Kutatentha, silinasiye."

Chaka chatha kathabwa kanali kasanabwere. Ndinali ndisanadziwe kanthu, ndinkayenda ndikudzitama ndi dzanja langa, iwo akusiya kupuma Loweruka lililonse.

"Bwanji simunandiuze? Ndikanakuchekani!"

"Ndikuuze kuti utani? Ine tsiku limene ndinadziwa za manja angawa ndi limene ndinasiya kugona tulo. Ndinati mwana adyeko kaye masiku ake asakudziwa. Khosi ndi langa, ndikhoza kulibwereketsa." Kenako anandiyang'ana. "Anzanga amasiyira ana awo nyumba. Ine ndakusiyira izi."

Ndinafuna kunena kuti si mlandu wawo, kuti dokotala wati zimayenda pang'onopang'ono, kuti ntchito ilipo. Koma ndinangolira ngati mwana, lumo lili m'manja. Iwo anatambasula dzanja kuti alilande, dzanjalo likuvina m'mwamba, ndipo ndinalibweza msanga kuti lingawacheke. Ndinayesa kulipinda, koma zala zanga zinali zitalowa misala, chitsulo chikungophonya m'chigoba chake. Ndinalisiya pazenera lili chitsegukire.

"Pukuta thovuli," anatero. "Zisiye zimere."

"Tsaya limodzi ndameta kale, Ababa."

"Lilipeza linzake."

Ndinanyowetsa thaulo n'kuwapukuta, kuyambira pakhosi mpaka m'makutu. Anakhala pamenepo ndi nkhope ya mbali ziwiri, kwina kosalala, kwina kotuwa, akuyang'ana anthu odutsa mumsewu. Ndinawamangira batani la pakhosi, ndipo linanditengera nthawi. Onse awiri tinachita ngati sitinaone.

Kenako ndinapita kukhitchini kukapanga tiyi. Ndinazindikira nditafika naye patebulo kuti makapu onse awiri ndathira theka.